Ana a alendo omwe anakana kukhala alendo ku Germany

Pa 30 Okutobala 1961, dziko la West Germany linasainirana mgwirizano ndi Turkey woti lizitengako anthu okagwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale. Ankawatcha Gastarbeiter, kutanthauza alendo odzagwira ntchito, poganiza kuti adzabwerera kwawo. Boma litasiya kulemba antchitowa mu 1973, ambiri anaitanitsa mabanja awo n'kukhazikika. Ana awo anabadwira ku Berlin ndi ku Cologne, koma unzika unkatsata magazi a kholo, choncho anakula ngati alendo. Akapita ku Turkey kutchuthi, kumenekonso ankawanena kuti Almancı, anthu a ku Germany.

Tsankholo linafika pakupha. Mu Novembala 1992 anthu atatu anafa nyumba itatenthedwa dala ku Mölln, ndipo pa 29 Meyi 1993 anthu asanu a banja limodzi anafa chimodzimodzi ku Solingen.

Achinyamatawa anayankha mosiyanasiyana. Ena ku Kreuzberg analowa m'magulu a m'misewu monga 36 Boys, omwe ankamenyana ndi zigawenga zotsatira mfundo za Nazi. Ena anasankha ndale, monga Cem Özdemir yemwe analowa m'nyumba ya malamulo ya Bundestag mu 1994. Enanso anatola mawu omwe ankawatukwana nawo, akuti Kanake, n'kuyamba kudzitchula okha monyadira. Mu 1995 Feridun Zaimoğlu anatulutsa buku la Kanak Sprak, lolembedwa m'Chijeremani cha m'misewu chomwe anthu ankachinyoza.

Kwa ine, njira yachitatuyi ndiyo inasintha zambiri. Anasiya kupepesa chifukwa cha kalankhulidwe ndi mayina awo, n'kuumirira kuti nawonso ndi eni dziko.

Mu 2000 lamulo linasintha, mwana wobadwira ku Germany anayamba kupatsidwa unzika ngati kholo lake lakhalako mwalamulo zaka 8. Komabe chiphaso sichinachotse tsankho. Mesut Özil, wobadwira ku Gelsenkirchen, anathandiza Germany kupambana World Cup ya 2014. Mu 2018, atadzudzulidwa chifukwa chojambulitsa ndi Pulezidenti Erdoğan wa Turkey, anasiya kusewerera timuyo ponena kuti amamuona ngati Mjeremani akapambana, koma akagonja amasanduka mlendo. Patangopita masiku ochepa, Ali Can anayambitsa #MeTwo pa Twitter, ndipo anthu zikwizikwi anafotokoza momwe amasalidwira kusukulu, kuntchito ndi pofunafuna nyumba ya lendi.