Kuchokera pa Nokia ya tochi kufika pa foni ya tachi

Abale anga a kunyanja, kugombe timakangana kawirikawiri: kodi foni ya tachi imaposadi ya mabatani? Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Ndili mwana, bambo anga anali ndi Nokia 1100, ija inatuluka mu 2003. Laini yawo inali ya Celtel, yomwe inadzakhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Kafoniko kanali ndi tochi, batire linkakhala masiku angapo osatha. Ankakakulunga m'jumbo n'kupita nako ku usipa usiku, ndipo pobwerera ankaimbira ogula kufunsa mtengo asanafike pagombe.

Za tachi zinatchuka iPhone itatuluka mu 2007, koma kwathu kuno zinafala ndi ma Tecno ndi ma Itel otsika mtengo. Galasi lake limamva magetsi a m'chala, n'chifukwa chake likanyowa limasokonezeka. Chaka chatha mwera unatipeza pakati pa nyanja injini itazima. Manja anga ali girizi yekhayekha, mafunde akutithira madzi, foni yanga inkangodzidina yokha. Mmodzi wa alovi ndiye anaimbira kumtunda ndi kafoni kake ka mabatani, boti lina n'kubwera kudzatikoka.

Komabe ya tachi sindiinyoza. Kabuleta ikavuta ndimaijambula n'kutumiza pa WhatsApp kwa ogulitsa zipangizo ku Blantyre, ndalama n'kulipira pa Mpamba, osawononga ya thiransipoti.

Ndiye ine ndikuti ya tachi izigwira ntchito kumtunda, koma m'boti muzilowa ndi ya mabatani yodzaza moto, yokulunga bwino. Atumizireniko anzathu opita kumadzi.