Fumbi, zitunda ndi tcheni: mbiri ya kutha kwa njinga zamoto mu Blantyre

Njinga zamoto zomwe zidayamba kuzolowereka m'misewu yafumbi ya m'Malawi zidali za alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Yamaha DT 125, Yamaha AG ndi Honda XL zidapangidwira njira zoipa: mashoko aatali, matayala a mano akuluakulu, injini yotalikira pansi kuopa miyala. Zinkanyamula munthu mmodzi ndi chikwama chake, komabe zambiri zidathera kuseri kwa maofesi chifukwa chosowa chisamaliro. Vuto lomweli ndi lomwe lidachititsa Barry ndi Andrea Coleman, pamodzi ndi katswiri wa mipikisano ya njinga Randy Mamola, kuyambitsa bungwe la Riders for Health, lomwe kuno limanyamula magazi okapimidwa kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono. Mfundo yawo idachokera ku mipikisano: chitsulo chisinthidwe chisadathyoke.

Kabaza adayamba ndi njinga zakapalasa. Zamoto zidachuluka m'zaka za m'ma 2010, pomwe Lifo, SanLG, King Lion ndi Boxer zidafika pa mtengo woti munthu wamba angakwanitse, zina zikulowa kudzera ku Mozambique. Injini za njinga zambiri za ku China zidatengera Honda CG125 ya 1975, yomwe idapangidwa dala kuti ipirire m'manja mwa eni ochedwa kusintha oyilo. Injini ya njingazi ndi yolimbadi, koma thupi lake ndi la msewu wosalala, ndipo mu Blantyre misewu yotere imathera pa tala.

Ndirande adamangidwa m'mbali mwa phiri, Bangwe chimodzimodzi, Chilomoni m'tsinde mwa Michiru, Zingwangwa pafupi ndi Soche. Pokwera chitunda ndi anthu awiri ndi thumba la makala, woyendetsa amagwira kilatchi mwatheka kuti injini isazime, ndipo mapuleti ake amapsa mpaka kununkha. Potsika, mabuleki ndiwo amalipira. Mashoko akakanika kulemerako amayamba kutulutsa oyilo, ndiye bampu iliyonse imagwera pa masipoko, omwe amaduka imodziimodzi mpaka limu kupindika.

Chomwe chimadya kwambiri njinga ndi fumbi. M'chilimwe, m'njira za ku Machinjiri, limamatirira pa oyilo wa tcheni n'kusanduka phala lokhakhala lomwe limapala chitsulo nthawi iliyonse tayala likazungulira. Tcheni chimatalika, mano a sipuloketi amasongoka n'kupindikira mbali imodzi, kenako tcheni chimayamba kudumpha. Amakaniko odziwa ntchito amalangiza kusintha tcheni ndi masipuloketi onse awiri nthawi imodzi, chifukwa tcheni chatsopano pa mano akutha sichikhalitsa, koma wakabaza wopanda ndalama amagula chimodzi chokha, n'kudzagulanso posachedwa. Fumbi lodutsa pa fyuluta yong'ambika limakafika kwa pisitoni ndi maring'i, ndipo chizindikiro chake ndi utsi wabuluu ndi oyilo wosachedwa kuchepa. Dzinja likafika, madzi amatope amatsuka girisi m'mabering'i. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, adakumba ngalande m'misewu yambiri ya m'madera amenewa, ntchito ya mashoko n'kuwirikiza.

Pali mpikisano wosalengezedwa womwe umachitika tsiku lililonse. Anyamata ambiri amayendetsa njinga za eni ake ndipo madzulo amayenera kupereka ndalama yomwe adagwirizana, motero amathamangitsana kuti abwerere msanga pa siteji. Kunyamuka mwamphamvu ndi kuima mwadzidzidzi kumatha matayala, tcheni ndi kilatchi monga zimakhalira pa bwalo la motocross. Kumeneko makaniko amawerenga maola omwe injini yagwira ntchito, pomwe pa siteji njinga imapita kwa makaniko ikayamba kulira zachilendo.

Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya, omwe pafupifupi onse ndi ochokera kunja, adakwera mtengo. Zimenezi zidawonjezera ntchito kwa amisiri a mumsika wa Ndirande ndi ku Limbe, omwe amadula tcheni chotalika, kuwotcherera felemu yosweka ndi kuchotsa zitsulo pa njinga yakufa kuti ina idzuke. Choopsa n'chakuti kusunga ndalama kotereku kumafikanso pa mabuleki, omwe potsika Ndirande ndi anthu atatu sayenera kukhala otha.