Sitima, Nkhuni ndi Mitu ya Anthu: Mbiri ya Gombe la Mbamba Bay ndi Liuli

Munthu akaima pa gombe la Mbamba Bay tsiku lopanda nkhungu nayang'ana kumadzulo, amaona mapiri a ku Nkhata Bay ali bii kutsidya kwa nyanja. Akacheuka amaona mapiri ena, a Amatengo, amene amakwera mpaka ku Mpepo ndi ku Mbinga. Pakati pa madzi ndi mapiriwo pali kadziko kopapatiza, ndipo m'menemo ndimo mukhala anthu amene ku Tanzania amawatcha Wanyasa, moyandikana ndi Ampoto ndi Amanda. Nkhani ino ikamba za makina amodzi okha amene anafika kwa anthu ameneŵa, ndiwo sitima yoyendera nthunzi. Ambiri mwa amene analembapo za sitimazi analemba ngati kuti chitsulocho chinkayenda chokha. Cholinga changa ndi kuonetsa kuti chinkayendera mphamvu za anthu a m'gombe, ndiponso kuti zimene chinawasiyira si zimene eni ake analonjeza.

Tiyambe ndi mmene sitimazo zinafikira. Palibe sitima imene inaloŵa m'nyanja ino ikuyandama kuchokera ku nyanja yamchere, pakuti mathithi a mtsinje wa Shire, kuyambira pa Kapichira kunka kumtunda, salola chombo chilichonse kudutsa. Sitima yoyamba, Ilala ya amishoni a Livingstonia, anaimasula zidutswazidutswa m'chaka cha 1875, ndipo anthu mazanamazana anaisenza pamutu kulambalala mathithiwo. Chimodzimodzinso Charles Janson, sitima ya amishoni a U.M.C.A. imene inayandama mu 1885, ndi Hermann von Wissmann ya Ajeremani imene inaloŵa m'madzi mu 1893. Ya Chauncy Maples ndiyo inalembedwa bwino: inachoka ku Glasgow m'mitokoma 3,481, ndipo chimphika chake chophikira nthunzi, cholemera matani 11, anachikoka pamtunda ndi Angoni 450 mtunda wa mamailosi 64. Sitimayo inayandama mu 1901. Motero makina amene anthu ankati adzathetsa ulenje wa pamutu anabadwira pamutu pomwepo.

Itayandama sitima inayamba kudya. Malasha sankapezeka m'madoko a nyanja ino, choncho chakudya chake chinali nkhuni, ndipo inkadya zambiri. Woyendetsa sitima sakanatha kupita kumene mtima wake wafuna. Ankayenda kuchoka pa mulu wina wa nkhuni kufika pa mulu wina. Anthu a m'midzi ndiwo ankadula mitengo, kuiŵaza, kuisenza kufika nayo pamchenga ndi kuiunjika, nalandira nsalu kapena mchere, ndipo pambuyo pake ndalama zokhomera msonkho. Apa mpamene pali mfundo imene olemba mbiri ya mpingo sailabadira kwenikweni. Mudzi umene unali ndi dooko labwino ndi nkhuni zokwanira ndiwo umene sitima inkaimapo kaŵirikaŵiri. Pamene sitima inkaima ndi pamene wansembe ankatsika. Ndipo pamene wansembe ankatsika mpamene mphunzitsi ankasiyidwa. Ine ndiganiza kuti munthu atayala mapu a masukulu oyamba a m'gombe lino pambali pa mapu a malo otengera nkhuni, aŵiriwo angafanane koposa mmene amishoniwo akanafunira kuvomera. Anthu okhala kumapiri, kutali ndi utsi wa sitima, anayenda njira ina: iwo anafikiridwa ndi ansembe a Chikatolika a chipani cha Benedikito ochokera ku Peramiho, amene anadza pamtunda.

Kwa ife ophunzira ziyankhulo, chotsatira chachikulu chinali cha mawu. Likulu la U.M.C.A. linali pa chilumba cha Likoma, ndipo Chinyanja cha ku Likoma ndicho chimene amishoni anachilemba, kuchisindikiza ndi kuchikweza m'sitima. William Percival Johnson, amene maso ake anaonongeka ndi matenda mu 1884 ali pa ulendo wobwera nayo Charles Janson, anakhala zaka zambiri akuyendayenda m'sitima, namasulira Malembo Oyera m'Chinyanja chimenechi. Herbert Barnes anatulutsa buku lake la mawu a Chinyanja ndi Chingerezi mu 1902. Chauncy Maples nayo inali sukulu yoyandama, mmene anyamata ophunzira uphunzitsi ankagona ndi kuŵerenga. Mwa njira iyi, chiyankhulo cha kachilumba kamodzi chinasanduka chiyankhulo cha pemphero ndi cha sukulu kwa anthu a gombe lakummaŵa, ngakhale kwa ena amene pakhomo pawo ankayankhula Chimpoto kapena Chimanda. Tisanene kuti sitima ndiyo inabweretsa Chinyanja ku Mbamba Bay, iyayi. Mabwato ndi maukwati anali atalumikiza kale magombe aŵiriŵa. Chimene sitima inachita ndi kusankha kayankhulidwe kamodzi pakati pa ambiri, nikakweza pamwamba pa anzake.

Tsopano tifike pa Liuli, kumpoto kwa Mbamba Bay, pamalo pamene Ajeremani ankapatcha Sphinxhafen chifukwa cha thanthwe lina la m'madzi. Pamenepo mpamene ankakokera Hermann von Wissmann kumtunda ikafuna kukonzedwa. Sitimayi inagulidwa ndi ndalama za bungwe la ku Jeremani lolimbana ndi malonda a ukapolo, koma inali ndi mfuti, ndipo inali chombo chokhacho cha nkhondo chimene Ajeremani anali nacho panyanja ino. Mu Ogasiti 1914 nkhondo itabuka ku Ulaya, uthenga unafika msanga ku Nyasaland pa lamya, pakuti waya unali utadutsa kale m'gombe lakumadzulo. Ku Liuli uthengawo unali usanafike. Kaputeni Rhoades anabwera ndi sitima ya boma, Guendolen, napeza Wissmann ili pamtunda ngati ng'ona yoothera dzuŵa. Zipolopolo za mfuti yake zinali zakale ndipo zina zinakana kuphulika, koma chimodzi chinamenya. Nkhani imene yakhala ikukambidwa ndi yakuti Kaputeni Berndt, amene anali bwenzi la Rhoades pa moŵa, anapalasa kabwato kudzafunsa mnzakeyo ngati waledzera, osadziŵa kuti maiko awo ali pa nkhondo. Ndipo anagwidwa pomwepo. Mu Meyi 1915 Angerezi anabweranso ndi asilikali nadzaiononga sitimayo kachiŵiri.

Azungu amaikonda nkhani imeneyi chifukwa ndi yoseketsa, ndiponso chifukwa amaiŵerengera kuti ndiyo nkhondo yoyamba ya pamadzi m'Nkhondo Yaikulu yoyamba ija. Kwa anthu a m'gombe munalibe choseketsa. Chipolopolo chimodzicho chinapereka nyanja yonse m'manja mwa Angerezi, ndipo nyanja itakhala yawo, inasanduka mseu wa nkhondo. Mu 1916 asilikali a Jenerale Northey analoŵa m'dziko la Ajeremani, nalanda Songea m'chaka chomwecho. Chakudya ndi zida zawo zinkabwera pa sitima kuchokera kummwera, kudzatsitsidwa pa madoko a Manda, pamene nthaŵi imeneyo pankatchedwa Wiedhafen, ndi Mbamba Bay. Koma sitima imalekeza pamene madzi alekeza. Kuchoka pamchenga kukwera mapiri aja kunka ku Songea, katundu yense anabwerera pamutu. Mawu akuti mtengatenga, amene agogo athu ankawatchula monong'ona, anafala kwambiri m'zaka zimenezi. Ku Nyasaland kokha amuna pafupifupi 200,000 anagwira ntchito imeneyi, ambiri mokakamizidwa. Anthu a gombe lakummaŵa anasenzera mbali zonse ziŵiri, poyamba Ajeremani, kenaka Angerezi. Ambiri anafa ndi kamwazi, chibayo ndi njala, ndipo minda inagonera kusoŵa oilima. Onani tsono chodabwitsa chake: sitima ikanyamula katundu wochuluka, ndi pamenenso pankafunika mitu yochuluka yomuchotsa padooko. Liŵiro la pamadzi linachulukitsa thukuta la pamtunda.

Nkhondoyo inasiyanso china chimene palibe mkulu wa asilikali anachikonza. Gule wa mganda, amene amuna a ku Mbamba Bay ndi ku Liuli amavina atavala zoyera, ali m'mizere, akuliza zipanda, ndi m'bale wake wa malipenga a ku Likoma ndi ku Nkhata Bay. Onsewo anatengera perete wa asilikali, monga anafotokozera T. O. Ranger m'buku lake la 1975 lonena za magule a kummaŵa kwa Afirika. Anthu amene anaguba mokakamizidwa anatenga kugubako nakusandutsa chisangalalo chawo, ndipo magulu ovina ankawoloka nyanja kukapikisana ndi anzawo.

Malire ena a makinaŵa anali mphepo. Asodzi a nyanja ino amadziŵa kuti mwera ukayamba, m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, bwato limakhala pamchenga. Bishopu Chauncy Maples mwini wake anamira mu 1895 pamene ngalaŵa yake ya matanga inagubuduzika. Anthu ankayesa kuti chombo chachitsulo chokhala ndi injini sichingaope zotere. Pa 30 Julayi 1946, Vipya, sitima yatsopano yoyendera mafuta imene inali pa ulendo wake wachinayi wokha, inanyamuka pa Mbamba Bay kuwoloka kunka ku Florence Bay, kufupi ndi Chilumba. Inakumana ndi mwera, nigubuduzika ili pafupi kufika, ndipo anthu 145 anamira. Ochuluka mwa iwo anali anthu akuda okwera m'chipinda chapansi, mmene munali movuta kutulukamo madzi ataloŵa. Nyanja siinasankhe khungu, koma kamangidwe ka sitima ndi mtengo wa tikiti zinali zitasankha kale. Chikumbutso cha ngoziyi chili ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, pambali pa mfuti ija ya Guendolen imene inawombera pa Liuli. Ilala yachiŵiri, imene inaloŵa m'malo mwa Vipya, inayamba kuyenda mu 1951.

Chotsala ndi kuona mmene nyanja imene sitima inailumikiza inadzagaŵikira. Pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1890 linaika malire pa gombe lakummaŵa, osati pakati pa madzi. Nthaŵi yonse imene Tanganyika ndi Nyasaland anali pansi pa Angerezi, kuyambira kutha kwa nkhondo ija, mzerewo sunkavuta munthu: mnyamata wa ku Liuli ankakwera sitima kukaphunzira ku Likoma kapena kupitirira kukafuna ntchito ku Halale ndi ku Joni. Mu 1952 mpingo wa Angilikani unadula gombe lino ku dayosizi ya Nyasaland, nukhazikitsa dayosizi ya South-West Tanganyika. Maiko aŵiriŵa atalandira ufulu, mkangano wa malire a panyanja unabuka poyera mu 1967 ndi 1968, ndipo unadzukanso mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta pansi pa nyanja. Tanzania inayenera kukhala ndi sitima zakezake, monga Songea ndi Iringa, zoyenda m'gombe lake kuchokera ku Itungi kudzera ku Manda ndi Liuli kufika ku Mbamba Bay. Ulendo waukulu unaleka kukhala wowoloka, unakhala wotsata gombe.

M'zaka zomwezo ziyankhulo nazo zinapatukana. Mu 1967 Tanzania inalimbitsa Chiswahili kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'masukulu onse a pulayimale, ndipo mu 1968 Malaŵi anasintha dzina la Chinyanja kukhala Chicheŵa, natsata kayankhulidwe ka m'chigawo chapakati, osati ka ku Likoma. Chinyanja chimene sitima inachikweza chinatsala chopanda boma kumbali zonse ziŵiri. Johnson anamwalira mu 1928 ndipo manda ake ali pa Liuli pomwepo, m'dera limene mu 2012 linakhala boma la Nyasa, likulu lake Mbamba Bay. Adzukulu a anthu amene iye anawaphunzitsa kuŵerenga m'Chinyanja amaŵerenga ndi kulemba m'Chiswahili, koma akatsikira kumchenga usiku kukakoka usipa, amaitanizanabe m'chiyankhulo cha makolo awo.