Galamafoni m'Midzi ya ku Jenda

Kale, wailesi isanafale m'midzi, munthu wochokera ku Joni kapena ku Halale ankadziŵika ndi katundu wake: sutikesi, njinga, ndi bokosi loimba lotchedwa galamafoni. Kumwera kwa boma la Mzimba, ku Jenda, ku Embangweni ndi ku Edingeni, amuna ambiri ankapita kumigodi, ena kudzera ku Wenela, ena paokha. Amene anakhalitsa osabwerako ankatchedwa matchona. Amene anabwerako anadza ndi nyimbo.

Makinaŵa anachokera kutali. Thomas Edison anapanga oyamba mu 1877, ndipo mu 1887 Emile Berliner anatulukira oimbira mbale. Ku Johannesburg, Eric Gallo anayamba malonda a mbale mu 1926, ndipo kampani ngati yakeyo ndizo zinafalitsa nyimbo zimene a kumigodi ankazikonda, monga kwela ya Spokes Mashiyane m'zaka za m'ma 1950.

Galamafoni sinkalira magetsi. Mwini wake ankapukusa chogwirira kuti sipuling'i imangike, mbale nkumazungulira ka 78 pa mphindi imodzi. Singano yachitsulo inkanjenjemera poyenda m'mizere ya mbale, ndipo kunjenjemerako kunkagwedeza kachitsulo kopyapyala kotulutsa mawu.

Koma kugula kunali kwina, kusunga kunalinso kwina. Singano imodzi inayenera kuimba mbali imodzi ya mbale ndi kutayidwa. Poti sitolo zinali kutali, eni ake ankainola pamwala, ngakhale kuti kutero kunkaperepesa mbale. Sipuling'i ikaduka, ankathamangira kwa wokonza njinga kapena mawotchi. Bokosi likadyedwa ndi chiswe, mmisiri wa matabwa ankakhoma lina, naikamo makina akale aja. Motero galamafoni ina inkasanduka yobadwira pamudzi: mtima wa ku Ulaya, thupi la mlombwa.

Luso lenileni linali pa liŵiro. Mbale ikathamanga, bambo woimba ankamveka ngati kamwana. Ikachedwa, mayi ankabuula ngati nkhalamba. Mmisiri analibe choyezera china koma khutu lake, ndipo akalakwitsa, ovina paukwati ndiwo ankamuweruza.

Zinthu zinasintha pamene kampani ya Columbia inatulutsa mbale zapulasitiki zozungulira pang'onopang'ono mu 1948, ndipo RCA Victor inatulutsa timbale ta 45 mu 1949. Singano yolemera ija inkazikanda mbale zimenezi. Zinkafuna mkono wopepuka ndi makina a batire. Mu 1964 wailesi ya MBC inayamba ntchito. Mu 1974 ndege yonyamula a kumigodi inagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70, ndipo boma linaimitsa ulendo wa Wenela. Pambuyo pake makaseti anatsiriza nkhani.

Mbale zimene zinatsala m'masutikesi a agogo si zinyalala ai. Ndizo mboni za thukuta la amene anasiya kwawo, ndi za luso la amene anatsala.