Mlandu wa ku Marikana ndi mbiri ya malire a mphamvu za boma

Ukaima pa damu la Buffelspoort, m'tsinde mwa mapiri a Magaliesberg, n'kuyang'ana kumpoto kuseri kwa msewu wa N4, umaona milu ya dothi lotuluka m'migodi ya platinamu. Kumeneko ndi ku Marikana, m'dziko la South Africa. Pa 16 Ogasiti 2012, pafupi ndi kaphiri ka miyala ku Wonderkop, apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito pamgodi wa Lonmin amene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro a R12,500 pamwezi. Mmodzi mwa ophedwawo anali Mgcineni Noki, mtsogoleri wawo amene ankafunda bulangete lobiriwira.

Patangotha sabata ziwiri, anthu anagwira pakamwa. Oimira boma pa milandu anatsegulira mlandu wakupha anthu 270 amene anamangidwa, ponena kuti iwowo ndiwo anaphetsa anzawo, chonsecho zipolopolo zinali za apolisi. Mfundo imene anatsamirapo imati onse ochita chinthu ndi cholinga chimodzi amasenza mlandu umodzi. Ndi yomweyo imene boma la tsankho linagwiritsa ntchito mu 1985 poweruza anthu asanu ndi mmodzi a ku Sharpeville kuti anyongedwe.

Kalelo, Nyumba ya Malamulo ya azungu inalibe woiletsa. Mu 1952, khoti lalikulu la apilo ku Bloemfontein litakana lamulo lochotsa makaladi m'kaundula wa ovota, boma la D.F. Malan linakonza lamulo lina losandutsa aphungu omwewo kukhala khoti loposa makhoti onse. Oweruza anakananso. Mu 1955, nduna yaikulu J.G. Strijdom anangowonjezera mipando ya m'nyumba ya Seneti kuchoka pa 48 kufika pa 89, n'kuchulukitsanso oweruza a apilo. Chaka chotsatira lamulo lija linadutsa.

Boma la tsankho litatha, olemba malamulo aakulu atsopano sanaiwale zimenezi. Anaika malamulowo pamwamba pa pulezidenti, aphungu ndi oweruza omwe, n'kugawa ntchito: aphungu apange malamulo, pulezidenti ndi nduna ayendetse boma, makhoti aweruze popanda wowauza zochita. Khoti loona za malamulo aakulu linaonetsa mano msanga. Mu 1995 linathetsa chilango chonyonga, ndipo mu Seputembala 1996 linabweza chikalata choyamba cha malamulo aakuluwo kuti chikakonzedwe. Nelson Mandela anadzasainira chokonzedwacho pa 10 Disembala 1996, ku Sharpeville.

Nanga zonsezi zinawathandiza chiyani a ku Marikana? Mfuti sizinatsekedwe pakamwa, koma nkhaniyo inakanika kukwiriridwa. Maloya ndi atolankhani atachita phokoso, nduna ya zachilungamo Jeff Radebe anapempha oimira boma kuti afotokoze maziko a mlanduwo, ndipo pa 2 Seputembala Nomgcobo Jiba, yemwe ankagwirizira udindo wa mkulu wawo, analengeza kuti mlandu wakuphawo wayamba wachotsedwa. Pulezidenti Jacob Zuma anasankha woweruza wopuma Ian Farlam kuti atsogolere komiti yofufuza, ndipo komitiyo inayamba kumva mboni ku Rustenburg mu Okutobala 2012. Akuluakulu a polisi anapanikizidwa ndi mafunso pagulu, amayi amasiye ali pompo kumvetsera. Ovulala ndi omangidwa atasowa ndalama zolipira maloya, khoti lalikulu mu 2013 linalamula bungwe la boma la Legal Aid kuti lilipire.

Lipoti la Farlam linatuluka pa 25 Juni 2015. Linadzudzula dongosolo limene apolisi anatsata, kampani ya Lonmin, komanso mabungwe a ogwira ntchito a NUM ndi AMCU. Mkulu wa apolisi m'dziko lonse, Riah Phiyega, anaimitsidwa ntchito chaka chomwecho, ndipo kafukufuku wina anapeza kuti sanali woyenera udindowo.

Pamene pakutsimphina ndi pozenga milandu. Oweruza sangagamule mlandu umene sunabwere pamaso pawo, ndipo woubweretsa ndi ofesi ya oimira boma. Boma lalipira chipukuta misozi kwa mabanja ambiri, mgodi uja unagulidwa ndi Sibanye-Stillwater mu 2019, koma palibe wapolisi ndi mmodzi yemwe amene wapezeka wolakwa pa imfa za anthu 34 aja.