Madzi osamba kumapiri a Dowa ndi Ntchisi: mbiri ya ziwiya ndi amisiri ozikonza

M'miyezi ya June ndi July kumapiri a Dowa ndi Ntchisi kumacha ndi chisanu cholowa m'mafupa, moti kusamba madzi ozizira m'mamawa ndi chilango. N'chifukwa chake kuphitsa madzi ndi ntchito yakalekale m'derali. Pa zaka zoposa 100 zapitazi ziwiya zake zakhala zikulandizana: mkhate, ndowa yachitsulo, mgolo wa pang'anjo, giza ya magetsi, ndipo lero giza ya dzuwa. Tikaonetsetsa zimene zidakhazikika ndi zimene zidangodutsa, tipeza kuti mlandu udagamulidwa ndi funso limodzi: chiwiyacho chikawonongeka, kodi alipo wochikonza pamtunda woti munthu n'kufikako wapansi kapena panjinga?

Poyamba padali mafuwa atatu, mphika ndi mkhate. Mayi ankatereka madzi, kuwathira mumkhate, kusakaniza ndi ozizira, kuyesa ndi dzanja, kenako n'kukatula kubafa la udzu kuseri kwa nyumba. Anamkungwi ankalangiza namwali kuti kupatsa mwamuna madzi osamba ndi ulemu wa m'banja. Mlendo wochokera kutali ankayamba wasamba asanaone nsima, ndipo mayi wa m'chikuta sankasowa madzi otentha. Ziwiyazo zidali za dothi, woumba wake ali m'mudzi momwemo kapena kutsidya kwa dambo. Mkhate ukasweka unkasanduka phale lokazingira chimanga kapena lomwera nkhuku, wina n'kugulidwa ndi chimanga kapena mtedza. Panalibe kanthu koyembekezera kuti kachokere kutali.

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894, atsamunda adakhazikitsa boma pa Dowa, ndipo mu 1914 kudamangidwa nyumba ya bwanamkubwa wa dera m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, imene lero ndi malo ogona alendo. M'nyumba za azungu ku Nyasaland ndi ku Rhodesia mudafala njira ina. Mgolo wa malita pafupifupi 200 ankaugoneka pang'anjo ya njerwa kunja kwa bafa. Paipi ya madzi ozizira inkalowera m'munsi, ya otentha n'kutulukira pamwamba popeza madzi akatentha amakwera, ndipo kapaipi kachitatu kankaima chilili kuti nthunzi izithawa. Matenda a mgolowu ndi oonekeratu. Moto ndi dzimbiri zimadya mimba yake mpaka madzi kuyamba kudonthera pankhuni, njerwa zimang'aluka, ndipo kapaipi ka nthunzi kakatsekeka mgolo utha kuphulika. Onsewa ali ndi mankhwala apafupi: wowotcherera aikapo chigamba, mmisiri wa njerwa amata ng'anjo, ukatheratu agula mgolo wina pamsika. Sudalowe m'midzi chifukwa umafuna madzi a m'mipope ndi nkhuni zambiri, koma pamene udalowa udakhalitsa, ndipo m'malo ena ogona alendo ukadafukabe utsi mpaka lero.

Chimene chidasinthadi bafa la kumudzi ndi ndowa yachitsulo. Kuyambira zaka za m'ma 1920 alimi a ku Lilongwe ndi Dowa adalowa ulimi wa fodya woumitsa ndi utsi, ndipo bungwe la Native Tobacco Board lidakhazikitsidwa mu 1926. Amuna ena ankapita ku Salisbury ndi ku Joni, ena mwa a ku Joniwo kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, mpaka 1974. Ndalama za fodya ndi za kumigodi zidagula ndowa, mapoto ndi mabafa a malata m'masitolo a amwenye. Ndowa idaposa mphika chifukwa ndi yopepuka, imaphitsa msanga, ndipo ikagwa siisweka. Koma ikadakhala kanthu kogula n'kutaya sikadapirira, pakuti malata akamakhala pamoto tsiku ndi tsiku thako lake limapsa n'kubowoka. Idapulumuka chifukwa padabadwa mmisiri wake. Pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo ndi pa boma la Ntchisi, tsiku la msika mumamva hamala ikulira pachidutswa cha njanji. Mmisiri amadula thako lakupsalo ndi sizasi ya malata, amajambula lina palata latsopano, amapinda milomo iwiriyo kuti ilumane, n'kumakhoma pang'onopang'ono mozungulira mpaka msoko utagwirana. Akatha amathiramo madzi mwini ndowa akuona. Manja omwewo ndi amene amakhoma makheni othirira nazale za fodya ndi mbaula za makala, choncho ntchito siimuthera.

Giza ya magetsi idabwera mochedwa ndiponso kwa ochepa. Makina oyamba a pa Nkula adayamba kupanga magetsi mu 1966, ndipo ndondomeko ya MAREP yofikitsa magetsi kumidzi idayamba mu 1980, koma mawaya adayamba afika paboma, pazipatala ndi m'misika ikuluikulu. M'kati mwa giza mulibe zambiri: elementi yotenthetsa madzi, kachipangizo koizimitsa madzi akatentha mokwanira, ndi valavu yotulutsa mphamvu ikachuluka. Madzi akangokhala ozizira, kawirikawiri ndiye kuti elementi yapsa, mwina chifukwa idayatsidwa m'thanki mulibe madzi pamene mipope idauma, mwina chifukwa yakutidwa ndi zoyera zolimba zimene madzi ena a pansi panthaka amasiya. Madzi akamatentha mopyola muyeso, cholakwa ndi kachipangizo kozimitsira. Paipi yotayira ikamangochucha osaleka, valavu yatopa, ndipo kuitseka ndi chitsekerero n'kuitana ngozi. Thanki yokha ikabowoka ndi dzimbiri ndiye pamene giza yafadi. Zotsalazo ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri kwa munthu wodziwa. Komabe si zachilendo kupeza nyumba ya boma ili ndi giza yakufa kudenga pamene ndowa ili pambaula pakhonde, chifukwa kachitsulo kofunikako kali ku Lilongwe, wodziwa kukaika ali kutali, ndipo mwini nyumba ndi ofesi imene siisamba m'bafalo.

Wina anena kuti zonsezi ndi umphawi basi, ndipo sakunama kwenikweni. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno ndi pafupifupi banja limodzi mwa khumi lomwe linkaunikira ndi magetsi a ESCOM. Kukweza kutentha kwa malita 150 ndi madigiri 40 kumadya mayunitsi pafupifupi 7, ndipo namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 ngakhale okhala ndi mayunitsi adakhala mumdima. Koma umphawi sufotokoza giza yakufa m'nyumba ya munthu wolandira malipiro pamwezi. Sufotokozanso chifukwa chimene anthu a magetsi omwewo amagulira kahita koviika m'ndowa, kena kongopangidwa ndi waya pakamtengo. Kameneka n'koopsa kwambiri, mwana akapisa dzanja m'madzimo patha kukhala maliro, koma kakufala chifukwa kakapsa wokonza mawailesi pamsika amakalumikiza tsiku lomwelo. Wina alozanso ndowa ya pulasitiki, imene idagonjetsa ya malata m'makomo ambiri. Pulasitiki idalanda ntchito yotunga ndi yosambira, koma pamoto siikhala, ndipo nayonso ikang'ambika amaimata ndi chitsulo chamoto.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'chakuti njira yosavuta kukonzayi, ya ndowa pamoto, idalipiridwa ndi mitengo komanso misana ya amayi. Nkhalango ya Ntchisi idatetezedwa mu 1924, koma mapiri ambiri ozungulira adayera ndi nkhuni zophikira, zoumitsira fodya ndi zowotchera njerwa, ndipo mtsikana amene amadzuka kusanache kukoleza moto wa madzi ndi yemwe amafika kusukulu mochedwa. Palibe chifukwa chokometsera mafuwa. Koma zosintha zimene zagwira nazonso zadutsa njira yomweyo. Chitetezo mbaula idafika m'midzi chifukwa ndi ya dothi, imaumbidwa ndi magulu a anthu a komweko, imadya nkhuni zochepa, ndipo ikasweka ina ili pafupi. Giza ya dzuwa ndi yoyenera mapiriwa, popeza miyezi yachisanu ndi yomwenso mvula kulibe, koma machubu ake agalasi amasweka, timphira take timauma, ndipo valavu yake imatopa ngati ya giza ina iliyonse. Bungwe la TEVETA lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, ndipo ndi ilo pamodzi ndi ogulitsa magizawa amene ayenera kuonetsetsa kuti pa Mponela ndi pa Ntchisi pali pulambala wodziwa kusintha chubu, komanso sitolo yosunga machubuwo, asanakweze mathanki ambiri pamadenga a zipatala ndi masukulu.