Chipukuta misozi cha ovulala pantchito

Chipukuta misozi cha ovulala pantchito ndi ndalama zimene lamulo limakakamiza wolemba ntchito kupereka kwa wantchito amene wavulala, wadwala kapena walumala chifukwa cha ntchito yake, kapenanso kwa anthu amene ankadalira wantchitoyo ngati wamwalira. M'Malawi muno nkhaniyi imayendera lamulo la Workers' Compensation Act la 2000, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo la 1990. Msana wa lamuloli ndi mfundo imodzi: wovulala safunika kusonyeza kuti abwana ake analakwitsa chilichonse. Chofunika n'chakuti ngoziyo yachokera ku ntchito ndipo yachitika munthu ali pantchito. Ndalamazi ndi ngongole ya wolemba ntchito, ngakhale kuti m'malo ambiri zimaperekedwa ngati kuti abwana angomva chisoni.

Chiyambi chake

Kale wantchito wovulala ankayenera kusumira bwana wake kukhoti ndi kupereka umboni woti bwanayo ananyalanyaza chitetezo, ndipo ambiri ankaluza. Dziko la Germany, pansi pa Otto von Bismarck, linakhazikitsa inshulansi ya ngozi za pantchito mu 1884, ndipo Britain inapanga lamulo lake mu 1897. Kuchokera pamenepo kunabadwa kugwirizana kumene kulipobe lero: wantchito alandire ndalama mosavuta popanda kuloza chala munthu, koma ndalamazo zikhale ndi malire odziwika kale. Atsamunda anabweretsa dongosololi ku Nyasaland m'ma 1940. Malamulo aakulu a dziko a 1994, m'gawo 31, amapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi mwachilungamo, ndipo lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limanena zimene malo a ntchito ayenera kuchita kuti ngozi zisachitike. Lamulo la 2000 limayamba pamene enawo alephera, munthu atavulala kale.

Amene lamulo limawateteza

Lamuloli limateteza munthu wolembedwa ntchito, kaya mgwirizano wake unalembedwa papepala kaya unali wapakamwa. Wothyola tiyi ku Thyolo, wodula nzimbe ku Nchalo kapena ku Dwangwa, mlonda wa usiku ku Kanengo, womanga nyumba, dalaivala wa lole, onsewa ali mkati. Kunja kuli asilikali, munthu wodzilemba yekha ntchito, wachibale wa bwana amene akukhala m'nyumba ya bwanayo, ndi waganyu wa apo ndi apo.

Pa waganyupo ndi pamene pamabuka mikangano yambiri. Makampani ena amasunga munthu miyezi ndi miyezi, kubwera m'mawa uliwonse ndi kuweruka madzulo, koma m'mabuku n'kumamutchulabe waganyu. Akavulala amauzidwa kuti sanali wantchito. Dzina limene abwana anamupatsa si limene limagamula nkhani. Chimayang'anidwa ndi mmene ntchito inkayendera: ankamulamula ndani, ankalandira motani, wakhala nthawi yotalika bwanji. Kope la rejisitala, timapepala ta malipiro, yunifomu, mauthenga a ndalama a pafoni ndi umboni wa anzake a pantchito zimathandiza kwambiri pamenepa.

Ngozi yake ikhale yotani

Mnyamata wa pachigayo akubwezeretsa lamba wotsomphoka injini isanazime, lambayo n'kumukoka dzanja, zala ziwiri n'kuduka. Mwini chigayo anganene kuti mnyamatayo anachita mosasamala, ndipo mwina akunena zoona, koma kusasamala wamba sikuchotsa chipukuta misozi. Chimene chingachichotse ndi kudzivulaza dala, kapena kuswa malamulo a pantchito mwadala ndi mokulira. Ngakhale pa kuswa malamuloko, ngati munthu wamwalira kapena walumala kwambiri mpaka kalekale, lamulo limalolabe kuti ndalama ziperekedwe.

Kachilonda kochira msanga sikawerengedwa: ngati kuvulalako kwalepheretsa munthu kupeza malipiro ake onse kwa masiku osakwana 7, palibe chipukuta misozi. Ngozi ya panjira imawerengedwa pamene wantchito anali m'galimoto imene abwana anapereka kuti izinyamula antchito, kapena pamene anatumidwa. Wogundidwa ndi minibasi Lamlungu akuchokera kumpira ali ndi mlandu wina, wa inshulansi ya galimotoyo. Matenda nawo amalowa, koma okhawo amene ali pa mndandanda wa lamulo ndipo akugwirizana ndi mtundu wa ntchito, monga matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi ndi kuwonongeka kwa thupi chifukwa cha mankhwala a poizoni.

Kawerengedwe ka ndalama

Apa lamulo silinasiye mpata woti anthu azinenerera ngati pamsika. Munthu akalumala kotheratu, moti sangagwirenso ntchito iliyonse, amalandira malipiro ake a pamwezi kuchulukitsa ka 54. Akamwalira, amene ankamudalira amalandira malipiro a pamwezi kuchulukitsa ka 42, kuchotsapo zimene mwiniwake anali atalandira kale pa kuvulala komweko. Akalumala mbali chabe, dokotala amayeza n'kulemba kuti mphamvu zogwirira ntchito zachepa ndi maperesenti angati, ndipo wovulala amalandira maperesenti omwewo a ndalama ya miyezi 54 ija. Lamulo lili ndi mndandanda wa ziwalo ndi maperesenti ake. Kutaya maso onse awiri kapena manja onse awiri ndi 100 peresenti.

Tiyerekeze wantchito wolandira K150,000 pamwezi. Atalumala kotheratu angalandire K8,100,000. Atamwalira, banja lingalandire K6,300,000. Dokotala atalemba kuti walumala ndi 20 peresenti, ndalama yake ndi K1,620,000. Kuwonjezera apo, wolemba ntchito amalipira zoyenera za kuchipatala: mankhwala, opaleshoni, ndodo zoyendera kapena mwendo woikirira, ndi thiransipoti yopitira kukalandira chithandizo. Pa nthawi imene munthu ali chigonere koma akuyembekezeka kuchira, pamakhalanso ndalama zomuthandiza m'malo mwa malipiro.

Kawerengedwe kameneka n'kosavuta kumva, koma kali ndi mbali yowawa. Miyezi 54 ndi zaka zinayi ndi theka basi, pomwe mnyamata wa zaka 25 woduka manja ali ndi moyo wonse kutsogolo. Ndalamayo imabwera kamodzi, osati mwezi ndi mwezi, ndipo ikatha yatha. Popeza muyeso wake ndi malipiro, chala cha mlonda chimatsika mtengo kuposa chala cha manijala. Ululu umene munthu wamva, manyazi a chipsera kumaso, banja losokonekera, zonsezi mulibe m'samuyi. Kuchedwa nako kumadya ndalama: boma litatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, amene mafayilo awo anali akadali m'maofesi anadzalandira chiwerengero chomwecho chogula katundu wochepa.

Njira yake ndi nthawi yake

Wovulala, kapena wina m'malo mwake, azidziwitsa abwana msanga, ndipo pempho la chipukuta misozi lifike pasanathe miyezi 12 chichitikire ngozi kapena imfa. Wolemba ntchito naye ali ndi udindo wokanena za ngozi yaikulu pasanathe masiku 21. Nkhani imayambira ku ofesi ya leba ya m'boma limene ngozi yachitikira. Kumeneko amalemba mafomu, wovulala amapita kuchipatala kukayezedwa, ndipo fayilo imapita kwa Komishonala wa chipukuta misozi mu Unduna wa Zantchito, amene amawerengera ndalama n'kuuza wolemba ntchito kuti alipire. Wosakhutira ndi chigamulo ali ndi ufulu wochita apilo.

Pepala lolemera kuposa onse ndi lipoti la dokotala. Nambala imodzi imene iye walemba ndiyo imagamula zonse, choncho kuyezetsa chilonda chisanapole bwino kumatha kupweteketsa wovulala, pakuti kuuma kwa mfundo kapena kufooka kwa dzanja kumadzaoneka pambuyo pake. Kabuku ka kuchipatala kasungidwe, ndipo tsiku loyamba lomwe munthu anene kwa adokotala kuti wavulalira kuntchito, zilembedwe momwemo. Ena amanama kuti anagwa kunyumba, poopa kuchotsedwa ntchito kapena atanyengereredwa ndi kapitawo. Mzere umodzi umenewo m'kabuku umadzavuta kuufufuta.

Ngati abwana sanakanene za ngoziyo, wantchito angathe kupita yekha ku leba. Kusiya ntchito kapena kuchotsedwa sikufafaniza ngongole ya ngozi imene inachitika munthu akadali wolembedwa.

Kusuma kukhoti ndi kumvana kunja kwa khoti

Funso lofala n'lakuti, kodi wolandira chipukuta misozi angasumirenso abwana? M'Malawi khomo la khoti silinatsekedwe. Ngati ngozi inachitika chifukwa cha kunyalanyaza kwa wolemba ntchito, monga makina opanda chotchinga, makwerero owola, kapena kusapereka magolovesi ndi zipewa, wantchito angasume mlandu wofuna kulipidwa pa zonse zimene wataya. Kumeneko khoti limawerengera ululu, kulumala ndi ndalama zimene munthu akanadzapeza m'tsogolo, motero chiwerengero chimatha kukwera kuposa cha ku leba. Koma kumeneko umboni wa kulakwa kwa abwana umafunika, mlandu umatenga nthawi, ndipo munthu salipidwa kawiri pa chilonda chimodzi: zimene analandira kale zimachotsedwa. Milandu ya kuvulala iyenera kuyambika pasanathe zaka 3. Wosowa ndalama ya loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.

Milandu yambiri imathera pa kukambirana, makamaka pamene kampani ili ndi inshulansi. Kumvana kotere si koipa, koma pepala limene wovulala amasainira nthawi zambiri limanena kuti walandira zonse ndipo sadzafunanso kanthu. Munthu wokhala ndi ngongole ya lendi ndi ana osowa fizi amaganiza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, n'kusaina asanadziwe maperesenti ake. Chanzeru n'kuyamba wawerengera zimene lamulo likupereka, kenako n'kuyerekeza ndi zimene zili patebulo. Mawu a mu mgwirizano wa ntchito onena kuti wantchito akadzavulala asadzafune kanthu alibe mphamvu pamaso pa lamulo. Palinso madobadoba ozungulira m'zipatala amene amalonjeza kufulumizitsa nkhani n'kudulapo gawo lalikulu ndalama zikatuluka. Ku leba sikufuna mkhalapakati.

Thumba limene linachedwa

Lamulo la 2000 linakonza zoti pakhale thumba limodzi limene olemba ntchito onse azisonkhamo, loyang'aniridwa ndi bodi, kuti wovulala azilipidwa kuchokera mmenemo. Kwa zaka zoposa 20 thumbali linangokhala papepala, ndipo mtolo unatsalira pa wolemba ntchito aliyense payekha. Zotsatira zake n'zoti tsogolo la wovulala limadalira amene anamulemba. Kampani yaikulu ya inshulansi yake imalipira. Kontilakitala wamng'ono amazemba, kusintha dzina kapena kutseka, fayilo n'kugona. Ku Zambia zinthu zinayenda mwina: bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, lomwe likulu lake lili ku Ndola, limatolera ndalama kwa olemba ntchito chaka ndi chaka n'kumalipira ovulala, ena mwa iwo penshoni ya mwezi ndi mwezi. Ku Zimbabwe ntchito yofananayo ili m'manja mwa bungwe la NSSA.

Amene anavulalira ku Joni

Amalawi zikwi zambiri anagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku bungwe lolemba antchito la Wenela, kenako Theba. Kamuzu Banda anaimitsa ulendowu mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Unayambiranso mu 1977 ndipo unatha mu 1988. Ambiri anabwerako ndi fumbi la miyala m'mapapo, matenda otchedwa silicosis, amene amaonekera patapita zaka ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu.

Dziko la South Africa lili ndi malamulo awiri pa nkhaniyi. La COIDA la 1993 limakhudza antchito ambiri ndipo limaletsa kusumira wolemba ntchito. Mu November 2020, pa mlandu wa Mahlangu, khoti la Constitutional Court linagamula kuti antchito a m'nyumba nawo alowemo, nkhani yokhudza Amalawi ambiri amene akugwira ntchito zotere ku Johannesburg ndi Cape Town. Lina ndi la ODMWA la 1973, la matenda a m'mapapo a m'migodi, limene ndalama zake zinali zochepa kwambiri. Mu 2011 khoti lomwelo linagamula kuti Thembekile Mankayi, yemwe anagwira ntchito mumgodi wa AngloGold Ashanti, anali ndi ufulu wosumira kampaniyo. Iye anamwalira kutatsala masiku ochepa kuti chigamulo chiperekedwe, koma mlandu wake unatsegula njira ya mlandu waukulu wa gulu, umene khoti linauvomereza mu 2016.

Mu 2018 makampani asanu ndi imodzi, African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anagwirizana ndi maloya a odandaula kupereka R5 biliyoni, ndipo khoti linavomereza mgwirizanowo mu July 2019. Bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa mu 2020 kuti ligawe ndalamazo kwa zaka 12. Oyenera kulandira ndi amene anagwira ntchito za fumbi m'migodi ya golide ya makampaniwa pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019 n'kudwala silicosis kapena chifuwa chachikulu chochokera ku ntchito, posatengera dziko lawo, pamodzi ndi amene ankadalira omwalira. Mu mgwirizanowo ndalama zinkayambira pa R10,000 kufika pa R500,000, malinga ndi kukula kwa matenda.

Ndalama za Tshiamiso n'zosiyana ndi za penshoni zimene anthu a Theba akhala akudikira, ndipo sizipita kwa aliyense amene anatsikapo mumgodi. Munthu ayenera kuyezedwa mapapo ndi kusonyeza mgodi ndi zaka zimene anagwira. Kulembetsa n'kwaulere. Chovuta kwa mabanja ambiri ndi mapepala: khadi la kumgodi lokhala ndi nambala ya wantchito, pasipoti yakale, ndiponso, ngati mwiniwake anamwalira, chikalata chosonyeza matenda amene anamupha, chimene mabanja a anthu ofera kumudzi kawirikawiri sanapatsidwe.